Mayeso a Sajeni

Anthu ankangomutchula kuti Sajeni, ngakhale kuti yunifomu ya polisi anaivula kalekale. Atasiya ntchito ya boma, mtsikanayu anatsegula kakampani kake kolangiza mabwana za chitetezo. Ofesi inali chipinda chimodzi pamwamba pa sitolo ya matayala, ndipo alonda ake ochepawo anawaphunzitsa yekha.

Mwayi unamugwera pamene kampani ina ya simenti inamuitana kuti aziteteza bwana wawo wamkulu. Bwanayo anali mayi wosanyengerera, amene anachotsa ntchito akuluakulu ena akuba, ndipo tsopano ankalandira mafoni omuopseza. Sajeni anauzidwa kuti amuona kaye kagwiridwe kake ka ntchito. Akakhutira, amupatsa kontirakiti yaitali.

Ntchitoyo inali yofuna maso. Ankasintha msewu tsiku lililonse. Ankafika pamalo a msonkhano bwana asanafike, n'kuyang'ana makomo otulukira ndi mpando wosapatsa zenera msana. Lamulo lake lalikulu linali limodzi: kumene bwana akupita mawa, ngakhale mayi ako okubereka asadziwe.

Tsiku lina galimoto yake ili kugalaja, mvula inamupeza pa siteji ya basi. Mwamuna wina wamtali, wa shati yositidwa bwino, anamusendezera ambulera. Basi itachedwa anayamba kucheza. Mwamunayo anati amagulitsa mipando ya m'maofesi, ndipo anamuseketsa ponena kuti amadziwa bwana woipa mtima pongoona mmene mpando wake wathera. Potsika anapempha nambala. Sajeni, amene ankafufuza mbiri ya aliyense woyandikira bwana wake, anaipereka osaganiza kawiri.

Mufoni anamulemba kuti Wa Ambulera.

Mameseji anayamba m'mawa mwake. "Mwadzuka bwanji, mlonda wa mtima wanga?" Pasanapite nthawi "inu" anasanduka "iwe". Ankamutchula kuti duwa, wapamtima, nthiti yake. Tsiku lina analemba kuti: "Iwe umateteza anthu onse. Nanga iwe amakuteteza ndani? Ntchito imeneyo undisiyire ine."

Ndani akanapanda kufewa? Mng'ono wake wa Sajeni ankamuseka kuti mkango wayamba kudya msipu, poona achemwali ake akumwetulira foni ngati mwana wa sukulu. Mayi awo atagonekedwa m'chipatala, mwamunayo anabwera ndi zipatso, nakhala nawo pa benchi masana onse. Mayiwo anamugwira dzanja, n'kumutchula kuti mkamwini.

Chinthu chimodzi chokha chinkawakanganitsa. Mwamunayo ankakonda kufunsa kumene Sajeni akakhale mawa, msewu umene adutse, hotela imene bwana akagone. Ankati akufuna kumutumizira maluwa, kapena kungomuona patali. Sajeni ankakana mosekerera. Nthawi ina mwamunayo anakwiya, nati chikondi chobisirana zinthu si chikondi, ndipo anakhala masiku osayankha foni. Sajeni analemba dzina la hotela, chala chili pafupi kutumiza. Kenako anafufuta, nalira yekha m'galimoto. Mwamunayo anabwerera yekha ndi kupepesa, nalonjeza kuti ntchito ikakhazikika apita kukaonekera kwa amalume.

Tsiku lomva zotsatira linafika. Sajeni anavala suti yake yabwino n'kulowa m'chipinda cha misonkhano. Akuluakulu a kampani anali atazungulira tebulo. Wapampando anafotokoza kuti moyo wa bwana si wochitira chibwana, choncho analemba ntchito mwachinsinsi kampani ina kuti imuyese Sajeni, ione ngati angaulule zinsinsi. Katswiri amene anagwira ntchitoyo anali panja, ndipo anamuitana.

Analowa Wa Ambulera, baji ya alendo ili pachifuwa.

Mwamunayo sanamuyang'ane Sajeni. Anaima kutsogolo n'kulankhula ngati munthu wowerenga za nyengo pa wailesi. Anati alonda anawayesa ndi mowa, anakana. Dalaivala anamuyesa ndi lonjezo la ntchito yabwino, anakana. Kwa Sajeni mwiniwakeyo anagwiritsa ntchito njira ya ubwenzi, kuyambira pa siteji ya basi, pakuti anadziwa kuti galimoto yake ili kugalaja.

"Ndinayesa njira zonse, ngakhale kunyanyala," anatero. "Sanandiuze kanthu. Munthu uyu mutha kumudalira."

Anthu anawomba m'manja. Wapampando anamugwira chanza Sajeni. Sajeni anathokoza, nasaina kontirakiti pamene anamulozera. Bwana wamkulu yekha ndiye sanawombe nawo. Anangomuyang'ana Sajeni nthawi yaitali.

Mwamunayo anakamupeza Sajeni koimika magalimoto. Anayamba kulankhula mothamanga. Anati inde zinayamba ngati ntchito, koma pakati pake mtima unagwa m'chikondi chenicheni. Anati akanaulula akanamuonongera mwayi, ndipo tsopano poti zatha, akhoza kuyambiranso poyera.

"Duwa langa, wapambana. Si zimene unkafuna?"

Sajeni anamuyang'ana monga ankayang'anira anthu okayikitsa ali kupolisi.

"Ndikufunseni chimodzi, bambo. Tsiku lija kuchipatala, mayi anga atakugwirani dzanja, munali pa ntchito?"

Mwamunayo anayang'ana nsapato zake. Kenako ananena chapansipansi kuti tsiku limenelo ankayembekeza kuti mwina Sajeni asiya foni pa benchi, iye aifufuze.

Sajeni anagwedeza mutu. Anaitana mlonda wa pageti, namuuza kuti alendowa amaliza zimene anabwerera, alandire baji ndi kuwaperekeza.

Masana amenewo bwana anali ndi ulendo wa kufakitale. Sajeni anayang'ana matayala, anasuzumira kunsi kwa galimoto, anatsegulira bwana chitseko, n'kukhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala. Atayenda pang'ono, mayiwo analankhula kumbuyoko. Anati za mayeso ankadziwa, koma njira yake sanauzidwe, ndipo akanadziwa sakanalola. Anamufunsa ngati akufuna kupuma masiku angapo.

"Ayi, mayi. Zikomo."

Foni inanjenjemera m'thumba, kenako inanjenjemeranso. Sanaitulutse. Chimene chinkamulemera sichinali mamesejiwo. Chinali choti Loweruka mayi ake aphika, ndipo akonza mbale ya mkamwini. Akawauza chiyani?

Anapukuta diso ndi kuseri kwa dzanja kuti aone bwino pagalasi. Kumbuyo kunali galimoto yoyera imene inakhota nawo kawiri. Mwina sichinali kanthu.

"Pa mphambano ikubwerayo mukhotere kumanzere," anauza dalaivala. "Lero tidzera njira ina."