Chinsinsi cha Wodwala Sichituluka Pakhomo

Banja la mkulu wa chipatala ndi mkazi wake, namwino wa pachipatala pomwepo, linali losiririka. M'mawa ankalowa pageti limodzi akuseka ngati ongopalana kumene ubwenzi. Bamboyu anali wamalamulo, ndipo pamsonkhano uliwonse wa antchito ankamenya tebulo: "Chinsinsi cha wodwala sichituluka pakhomo, ngakhale akufunse mwamuna wako!"

Komatu lamulo limakoma likamaluma anzako.

Tsiku lina mayi wokolopa anamunong'oneza: "Bwana, ine za eni sindilankhula, koma ang'ono anu aja akumadzitsekera ndi amayi m'chipinda chopimira odwala. Potuluka amazembera kukhomo lakuseri."

Mkuluyu mtima unamuwira. Anasiya ntchito n'kuyamba kubisalira m'khonde, bambo wamkulu ndi tayi yake, zamanyazi! Anamuonadi mng'ono wake akulowa, chitseko n'kutsekedwa. Pofika kunyumba anaphulika.

"Mng'ono wanga amadzatani m'chipinda mwako?"

"Zakuntchito sindibwera nazo kunyumba, bambo. Munatiphunzitsa ndinu."

"Usandiwerengere malamulo anga! Ndine mwamuna wako, ndinenso bwana wako!"

"Ndiye akufunsayo ndi uti? Bwana sangafunse zimenezo, mwamuna sindingamuuze."

"Ukufuna undinamize kuti akudwala, chimunthu chojintcha ngati chija? Hule iwe!"

Mayiyo analira, koma sanaulule. Nsanje ndi yoipa, abale: munthu wophunzira amasanduka chitsiru, ndipo kukhulupirika kwa mnzake amakuyesa umboni wa chigololo.

Tsiku lotsatira masana, odwala ali pamzere, mkuluyu anaphwanya chitseko chija ndi phazi. Anapeza mng'ono wake atavula malaya, dzanja la mkazi wake lili pachifuwa pake. Sanafunse. Anatola chitsulo chokolekapo dilipi.

"Achimwene, dikirani!"

Chitsulo chinatera pamutu. Mnyamatayo anafera m'chipatala cha mkulu wake yemwe, madokotala atalephera kumutsitsimutsa.

Kukhoti namwino uja anati malemuwo anali wodwala wake, ndipo anamupempha kuti banja lisadziwe, makamaka achimwene ake, poopa kuwadetsa nkhawa. Mkuluyu anaimirira m'bokosi.

"Amadwala chiyani? Mkazi wanga, chonde, ndiuze!"

Mayiyo anamuyang'ana maso ali gwa. "Wodwala wanga munamupha. Chinsinsi chake sindikupatsani."

Woweruza anagamula kuti mkuluyu akhale kundende moyo wake wonse, ponena kuti munthu woyang'anira chipatala ankadziwa bwino chimene chitseko chotseka chimateteza.

Lero ali m'kachipinda konunkha mkodzo, wopanda mkazi, wopanda mng'ono. Lamulo limene umalamulira nalo anzako uzilipirira likafika pakhomo pako. Iye analephera, ndipo mpaka pano sadziwa chimene mwana wa mayi ake ankadwala.