Anagulitsa Mawu a Bambo Ake

Nyumba ya a Wolengeza inali ya zipinda ziwiri, yosesedwa bwino, ndipo kuseri kwa chitseko kunkapachikidwa chimkuzamawu chakale chomangidwa ndi waya pa chogwirira. Ntchito yawo inali kuyenda wapansi m'misewu kulengeza maliro, mwana wosowa kapena tsiku la katemera. Anali ndi lamulo limodzi: sankalengeza chinthu asanakachione. N'chifukwa chake uthenga wawo uliwonse unkayamba ndi mawu akuti, "Abale anga, ndakaona ndekha," ndipo anthu ankasiya zimene akuchita n'kutchera khutu.

Analinso munthu wa chipani cholamula kuyambira ali mnyamata, nthawi imene chipanicho chinkalonjeza kuti nthaka ndi misika zidzakhala za eni dziko. Sanadyepo kanthu m'chipanimo. Ankangovota n'kubwerera kunyumba.

Mwana wawo wachisamba anatengera mawu awo ndendende. Akaitana ali kuchipinda, mayi ake ankavomera mwaulemu, kenako pozindikira kuti ndi mwana ankamuponyera nsanza, banja lonse n'kufa nazo nseko. Koma atamaliza sukulu, mnyamatayo anakana ntchito yoyenda padzuwa. Ankadzuka mochedwa n'kukakhala pakhonde la ofesi ya chipani, pomwe anyamata ankalandira malaya ndi mowa.

Kumeneko Tcheya wa chipani m'deralo anamumva akutsanzira bambo ake pofuna kuseketsa anzake.

"Tabwerezanso, mphwanga," anatero Tcheya.

Mnyamatayo anabwereza.

"Madala ako ndinawapempha andilengezere nkhani ya msika, akuti mpaka aone mapulani. Mapulani amadyedwa? Iwe uli ndi chuma pakhosi, koma nsapato zako zayasamula kukamwa."

Madzulo ake mnyamatayo anafika kunyumba atavala nsapato zatsopano, akununkha mowa.

"Wakugulira ndani?" anafunsa mayi ake.

"Chipani, amayi. Chomwe bambo amachikondachi."

"Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, mwanawe."

Bambo ake sanakweze mawu. "Chilichonse akupatse kuti unene, kachione kaye. Akakana kukuonetsa, bwerako."

"Inu mwaona zinthu zaka zonsezi, bambo, koma tikugonabe m'nyumba ya lendi."



Posakhalitsa makolo ake anapita kutali kukadwazika mlongo wa bambo ake. Tcheya sanachedwe. Anaitanira mnyamatayo m'galimoto ya magalasi akuda yokhala ndi chimkuzamawu padenga, n'kumuuza uthenga: ogulitsa onse achoke mumsika wakale akayembekeze m'mbali mwa msewu, boma limanga msika wa njerwa, ndipo aliyense adzabwerera pamalo pake.

"Palibe akuone. Ungoyamba mmene amayambira madala."

"Koma ine sindinaone kanthu, bwana."

"Ukundiona ine. Ine ndi boma."

Galimoto inazungulira msika. Anthu ambiri anali atatopa kale ndi malonjezo a chipani, ndipo akanamva mawu a munthu wina aliyense sakanasuntha. Koma anamva a Wolengeza akunena kuti akaona okha.

"Awakweza m'galimoto, miyendo ipumeko," anatero mayi wina wogulitsa tomato, akuseka. Ndiye anayamba kuzula misomali ya benchi lake. Ena anatsatira, ndipo anagwetsa msikawo ndi manja awo, akubwerekana nyundo.

Malowo anatchingidwa ndi mpanda wa malata. Njerwa sizinabwere. Kunabwera matanki akuluakulu okwirira pansi, ndipo zinadziwika kuti malo agulitsidwa kwa mlamu wake wa Tcheya kuti amangepo pomwetsera mafuta galimoto.

A Wolengeza atabwerako, anatenga chimkuzamawu kukalengeza za mwana wosowa. Atafika pamsewu anapeza amsika atayala malonda awo m'fumbi. Mayi wa tomato uja anaimirira.

"Munakaona nokha, eti, bambo? Msika wa njerwa uja?"

Anawalavulira kumapazi. Iwo anafunsa modekha kuti nkhani n'chiyani, ndipo atamva za galimoto ya magalasi akuda, anatembenuka n'kubwerera. Kunyumba anangoyang'ana nsapato za mwana wawo. Mwanayo anayang'ana kumbali.

Nkhani ya msika inalowa m'nyuzipepala pamodzi ndi zina zofanana nayo za m'madera ena. Kulikulu la chipani akuluakulu anayamba kulozana zala. Wina anatula pansi udindo, wina anachotsedwa, ndipo amene analowa m'malo mwake sanakhalitsenso. Aliyense ankalumbira kuti amakonda dziko kuposa mnzake. Kenako Tcheya anayankhula pawailesi. Anati chipani sichinauze munthu kuti achoke mumsika. Anati kuli mkulu wina wolengeza m'misewu amene anasokoneza anthu.

Mnyamata uja anathamangira kuofesi.

"Bwana, mwawanamizira bambo anga."

"Ine? Mawu anali a ndani?" Tcheya sanasiye n'komwe kuwerenga nyuzipepala. "Ngati anali ako, pita ukawauze amsika aja. Ali ndi nyundo, paja."

Mlonda anamukankhira panja, ndipo anzake a pakhonde anachita ngati sakumudziwa.

Mnyamatayo anachita mantha, ndipo sanaulule kwa aliyense. M'masabata otsatira palibe anabweretsa uthenga kwa a Wolengeza. Akulu a mpingo anawapempha kuti ayambe apuma kuwerenga zolengeza kutchalitchi. Iwo anavomera. Tsiku lina mnyamatayo ali kuchipinda anamva mayi ake akudandaula.

"Bwanji osawauza anthu kuti simunali inu?"

"Ndiwauze kuti anali ndani?" anatero bambo ake.

M'mawa mwake mnyamatayo anapita wapansi kumsewu kuja. Anaima pakati pa amsika, nkhope ili poyera, n'kubwereza uthenga uja mawu ndi mawu mmene anaunenera m'galimoto. Phokoso linatha. Anawauza kuti bambo ake sanali m'tauni masiku amenewo, ndipo kuti iye anachita zimenezi chifukwa cha nsapato ndi mowa.

Nyundo palibe ananyamula. Mnyamata wina anamumenya khofi, ena n'kumuleretsa. Mayi wa tomato uja ndi amene anamuyankha.

"Tamva. Ndiye kuti bambo ako ndinawalavulira pachabe. Koma tandiuza, ana anga adya kulapa kwakoko?"

Ena anapita kukapepesa kwa a Wolengeza, ndipo iwo anawalandira bwino. Koma ntchito sanaiyambenso. Anati munthu amene akakumva amayamba wasuzumira kuti aone nkhope yako, ndiye kuti sakukumvanso.

Tsiku la chisankho a Wolengeza anavala jekete lawo n'kupita kusukulu kumene ankavotera. Mzere unali waufupi. Anaima pageti kanthawi, kenako anabwerera kunyumba chala chilibe inki. Ambiri m'deralo anachita chimodzimodzi. Chipani chinagonja kumeneko, osati chifukwa anthu anakonda china, koma chifukwa omwe ankachikhulupirira anakhala pakhomo. Tcheya analowa chipani chimene chinapambana. Msika sunabwerere. Mnyamata uja tsopano amakankha wilibala, kunyamulira amsika katundu, ndipo ena mpaka lero amakana kuti awanyamulire.

Wachinyamata iwe, munthu wamkulu akakuyamikira n'kukuveka usanamugwirire ntchito, funsa chimene akugula. Kawirikawiri si iwe. Ndi dzina la kwanu, limene makolo ako analisunga zaka zambiri posanama ngakhale pamene bodza likanawadyetsa. Ukaligulitsa, wogulayo adzakukana pamaso pa anthu, ndipo misozi yako siingaliwombole.