Mabuleki a Malemu Bambo Chimwaza

Mlandu uwu udali pakati pa Bambo Elton Kachingwe a ku Ntcheu ndi Mayi Nyaradzo Chimwaza, mkazi wa malemu Bambo Grain Chimwaza a ku Dedza. Adauweruza Bambo Chakufwa Nkhoma, mkulu wa mpingo wa Amalawi umene umasonkhana m'holo ina ku Sunnyside, kuno ku Joni. Nkhani yake idali ya njinga.

Mabanja awiriwa ankakhala m'fulati imodzi, chipinda chachikulu atachidula pakati ndi nsalu yolendewera pa waya. Kuseri kudali kakhonde kopanikiza, ndipo pamenepo amuna awiriwo ankakonzerapo njinga zakale za m'mapiri, zija za matayala onenepa ndi magiya ambiri, zimene mabwana a ku Brooklyn amataya zikachita dzimbiri m'magalaja. Ya Bambo Chimwaza idali yodziwika kwa aliyense. Makina otchetchera udzu adawadula zala za dzanja lamanja, choncho adasinthanitsa mawaya a mabuleki: buleki ya kutsogolo, imene imagwira mwamphamvu, adaipititsa kumanzere, ya kumbuyo kumanja. Mlendo akaikwera osadziwa nafinya kumanzere pamtsetse, njinga inkaima chiriri n'kumuponya kutsogolo.

Bambo Chimwaza adamwalira ndi chibayo m'nyengo yozizira. Mwambo wake ngodziwika: katundu yense wa malemu amatsagana ndi thupi kumudzi, kuti abale akagawe mwadongosolo. Zovala zidapita, wailesi idapita, ngakhale masipanala adapita. Njinga siidakwere. Bambo Kachingwe adauza akomiti ya maliro kuti felemu yake idang'aluka, n'kuibisa pakhonde pansi pa lona. Limeneli lidali bodza, ndipo bodza la pamaliro si laling'ono.

Komabe sadachite zimenezi chifukwa cha umbombo. Ntchito idawathera kalekale, ndipo akazi awo, Mayi Theresa, adali ndi pakati potopa. Ndiye padapezeka malo a ntchito ya m'munda kumapeto kwa Lynnwood, kwa bwana wofuna munthu pageti dzuwa lisanatuluke, amene adachotsa wantchito woyamba chifukwa cha kuchedwa. Kuchokera ku Sunnyside, ulendo umenewo wapansi ngosatheka.

Loweruka adavundukula lona. Adaviika tcheni m'parafini n'kulitsuka ndi mswachi wakale, adakunga masipoko mpaka tayala lidasiya kuyendayenda, adamata chubu, ndipo pomaliza adabweza mawaya a mabuleki m'malo mwake, wa kutsogolo kumanja monga zimakhalira njinga zonse. Mayi Nyaradzo adadutsa ndi beseni la zochapa, adayang'ana njingayo n'kupitirira. Iwo adabadwira ku Zimbabwe kwa makolo a ku Malawi, kuno ku Joni adalibe mbale, ndipo chimwalirireni amuna awo ankakhala m'fulatimo mwa chifundo cha a Kachingwe.

Lolemba m'bandakucha Bambo Kachingwe adafinya mabuleki asanatsike nayo njinga. Adafinya kumanzere, ndipo tayala la kutsogolo ndi limene lidagwira. Adaima nthawi yaitali akuyang'ana mawaya awiriwo, atapingasa mwaukhondo kutsogolo kwa handulo monga ankawasiyira mwini wake. Adadziuza kuti mwina adaiwala okha. Adawabweza mofulumira, napalasa, nakafika pageti thukuta lili kamukamu, bwana akuyang'ana kale wotchi.

Usiku wotsatira magetsi adazima Sunnyside yense. Mdima wa m'fulati si wa kumudzi. Ulibe nyenyezi, umangokhala bii pakati pa makoma, ndipo munthu amamva mapaipi akulira ndi wina akutsokomola kuseri kwa khoma. M'kati mwa mdimawo mudayamba phokoso lina lochokera kukhonde. Lidali lopepuka, losathamanga, tiki, tiki, tiki, kulira kwa tayala la kumbuyo pamene munthu walinyamula n'kulizunguza ndi dzanja kuti aone ngati lawongoka. Kenaka lidaleka mwadzidzidzi, ngati wina wagwira buleki.

"Abambo, mukumva?" adanong'ona Mayi Theresa.

"Ndi mphepo."

"Mphepo imagwira buleki?"

Bambo Kachingwe sadadzuke kukaona. M'mawa mawaya adali atasinthidwa, ndipo tcheni limene adalisiya louma lidali lonyowa ndi oyilo wakuda wa makina otchetchera udzu, amene malemu ankabwera naye m'kabotolo kuchokera kuntchito. Khonde lonse linkanunkha oyiloyo.

Nkhani m'mafulati siichedwa. Amayi oyanika zovala padenga ankati malemu akufuna chinthu chawo. Ena ankati adaona munthu wa dzanja limodzi atawerama pakhondepo. Mnansi wina wa ku Zomba adakumana ndi Bambo Kachingwe pamasitepe ataisenza njinga, n'kuwafunsa moseka kuti, "Achimwene, mekaniki wanu wausiku uja simungatibwereke? Eish, wanga wa masana akundichedwetsa." Koma adapatuka kwambiri kuti njingayo isamukhudze.

Lachitatu Bambo Kachingwe adakhoma chitseko cha kukhonde, kiyi n'kumuika pansi pa pilo. Phokoso lidabweranso, ndipo ulendo uno padamvekanso kachitsulo kakugwa pasimenti n'kugubuduzika pang'onopang'ono mpaka kukaima pakhoma. M'mawa chitseko chidali chokhoma, mawaya atasinthidwa.

Mayi Theresa adalira. Adawapempha amuna awo kuti apite kwa akulu a mpingo akaulule, njinga ipite kwawo. Adati mwana amene ali m'mimba asabadwire m'nyumba imene akufa akuyendamo. Bambo Kachingwe adakhala pabedi atagwira mutu, maso ali psuu chifukwa chosagona.

"Ndikaipereka, ntchito yatha," adatero motsitsa mawu kuti asamveke kuseri kwa nsalu. "Ntchito ikatha, tikagona pati? Pansi pa buliji? Achimwene anga a Grain andikhululukire. Iwo apuma, ine ndili ndi pakamwa podyetsa."

Lachinayi madzulo adabweza mawaya, nawamanga ndi kansalu kofiira kuti adziwe ngati wina wawakhudza. Adakhala pampando moyang'anana ndi chitseko cha kukhonde. Usiku umenewo kudali zii. Ngakhale kuseri kwa nsalu sikudamveke kupuma kwa munthu. Tulo tidawaba kutatsala pang'ono kucha, ndipo podzidzimuka kunja kudali kutayera. Adaona kansalu kofiira kali pomwepo, sadafinye mabuleki, adangonyamula njinga n'kuthamanga.

Pamtsetse wina wa ku Lynnwood galimoto idatuluka pageti chobwerera m'mbuyo. Adafinya kumanzere ndi mphamvu zonse. Tayala la kutsogolo lidaima, iwo adauluka pamwamba pa handulo n'kukagwa chafufumimba paphula. Adathyoka mano, nkhope idasupuka mbali yonse, phewa lidaguluka. Pageti la bwana sadafike.

Madzulo Mayi Nyaradzo atalowa n'kuona nkhope ija, adakhala pansi. Adatulutsa pachifuwa kiyi wachiwiri wa kukhonde, amene adali wa amuna awo, ndi kapulayazi kakang'ono.

"Alamu, ndine," adatero. "Ndine ndimasintha."

Lamulungu, mapemphero atatha, Bambo Nkhoma adaitana mabanja awiriwo pamaso pa akulu anzawo, njinga itatsamira tebulo. Mayi Nyaradzo adafotokoza kuti amuna awo, chifukwa cha dzanja lija, ankawagwiritsa mawaya pokonza njinga, ndipo adaphunzira poona. Adati malemu adalonjeza njingayo kwa mwana wawo Lydia, amene akuleredwa ku Dedza ndipo amayenda mtunda wautali kupita ku sekondale. Kuwanena a Kachingwe poyera sakadatha, poopa kuthamangitsidwa m'fulati. Adaganiza zowaopseza kuti aibweze okha, podziwa kuti amayesa mabuleki m'mawa uliwonse.

Ena adakayika kuti mayi angathe ntchito yotero mumdima. Bambo Nkhoma adalamula kuti aonetse. Mayi Nyaradzo adamasula kansalu kofiira kaja, natulutsa mawaya m'zogwirira zake n'kuwabweza monga mwa njinga wamba, onse akuona. Atatha adaimirira, napukuta manja pachitenje.

"Koma Lachinayi sindine, Abambo," adatero. "Ndinagona ku Brooklyn, madamu amene ndimawagwirira ntchito anandisiyira ana. Mukafunse."

Mayi Theresa adavomereza kuti usiku umenewo bedi la kuseri kwa nsalu lidali lopanda munthu. Bambo Nkhoma adadzudzula manong'onong'o amene adayamba kumbuyo. Adati Mkhristu sathamangira mizimu pamene pali munthu wotopa amene wakhala masiku osagona. Adati n'zoonekeratu kuti Bambo Kachingwe adasokoneza okha mawaya madzulo aja. Adati chigamulo adzapereka mawa, ndipo njinga aisunga iwo. Adafinya mabuleki onse awiri ndi manja awo, natsimikiza kuti kumanja n'kumene kukugwira kutsogolo. Adakaitsekera m'kachipinda ka zipangizo kunyumba imene amagwirako ntchito, kumene kuli mpanda wamagetsi ndi agalu awiri, kiyi n'kugona naye m'thumba.

Lolemba madzulo adafika kufulati akuikankha njingayo, osaikwera. Bambo Nkhoma ndi munthu amene sadachedwepo pamsonkhano, koma tsikulo adachedwa, ndipo adakana tiyi. Adapereka chigamulo ali chiimire.

Adati Bambo Kachingwe adalakwa kunamiza akomiti ndi kubisa katundu wa malemu. Adzaulula pamaso pa mpingo. Mayi Nyaradzo adalakwa kuseweretsa moyo wa munthu m'malo mobwera kwa akulu. Adzapepesa, ndipo adzathandiza Mayi Theresa mpaka atachira, koma palibe wowachotsa m'fulatimo. Mpingo udzafunafuna njinga ina yakutha kuti Bambo Kachingwe aikonze phewa likapola, ngakhale za ntchito ya ku Lynnwood sakanalonjeza kanthu. Njinga iyi inyamuka ndi galimoto ya katundu yoyamba yopita ku Dedza, ndipo Lydia achenjezedwe za kagwiridwe kake.

"Chomaliza," adatero, maso ali pakhoma. "Mabuleki asawakhudzenso wina aliyense. Apite monga alili."

Bambo Kachingwe adatambasula dzanja lawo labwino n'kufinya kumanzere. Tayala la kutsogolo lidagwira. Pa tcheni padali oyilo wakuda, wosauma.

Mayi Nyaradzo adavomera chigamulocho akulira. Mayi Theresa adavomera. Bambo Kachingwe adachotsa dzanja pahandulo pang'onopang'ono, nalipukuta pathalauza, ndipo nawonso adavomera, osafunsa funso lililonse.