Ukonde wa Malemu Kalilu

Lolemba m'mawa Lenia anabwera kusukulu osavala yunifolomu, kudzangotenga makope ake. Jenifa, mnzake wa mu Folomu 3, anamutsatira mpaka pageti.

"Ukupita kuti?"

"Kwawo kwa amayi ku Dwambazi. Abale a bambo atenga zonse: bwato, maukonde, ngakhale malata a nyumba."

Panali patangotha milungu itatu chimwalirireni a Kalilu, bambo ake a Lenia.

Jenifa atafika kwawo ku Chia anapeza bambo ake, a Alufandika, akusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango. Anagwada.

"Bambo, aphunzitsi anatiuza kuti munthu akhoza kulemba wilo, kalata yonena amene adzatenge katundu wake iye akadzamwalira. Pamangofunika mboni ziwiri. Bwanji nanunso mulembe?"

"Iwe, ukundikumbira manda ndili moyo? Mng'ono wanga Steward sangakulandeni katundu. Choka apa!"

Jenifa anachoka, koma nkhaniyo sanaisiye. Loweruka anaiyambitsanso akupalira mpunga, ndipo bambo ake anamukalipira kwambiri. Mlungu wotsatira anakwera minibasi yekha kupita kuboma, nakafunsa ku ofesi mmene wilo imalembedwera ndi kumene imasungidwa. Zonse anazilemba m'kope. Bambo ake anakana n'kuliyang'ana komwe.

"Zisiye mwanawe, udana nawo bambo ako," anatero amayi ake.

"Bola andide lero, amayi, kusiyana n'kuti inu mudzagone panja."

Tsiku lina masana kunabwera munthu atakweza ukonde panjinga, akutsatsa. Anali mkulu wawo wa malemu a Kalilu. A Alufandika atautambasula anauzindikira. Pakati panali chigamba chomwe anasoka iwo omwe chaka chatha, pothandiza mnzawo Kalilu ng'ona itaung'amba.

"Si wa Kalilu uwu?"

"Unali wake. Pano ndi wanga. Analemba pati kuti ndi wa mkazi?"

"Nanga ana adya chiyani?"

"Ali ndi kwawo."

Steward, amene anali chikhalire pambali, anaugwiragwira ukondewo n'kumwetulira. "Gulani achimwene, ngwotchipa uwu. Womwalira sapha nsomba."

A Alufandika anamuyang'anitsitsa mng'ono wawoyo kwa kanthawi. Kenako anaupinda ukondewo bwinobwino n'kuubwezera panjinga. Anthu awiriwo atachoka, iwo anaitana mwana wawo.

"Jenifa! Bweretsa kope lako lija."

Jenifa anabwera nalo mothamanga.

"Werenga pang'onopang'ono, ndimve bwino. Mboni ndipempha mayi Sharifa apafupiwa ndi aphunzitsi ako." Anapumira m'mwamba. "Kodi kubomako anakuuzanso chiyani za anthu olanda katundu wa amasiye?"

"Anati ndi mlandu, bambo."

"Ndiye tenga foni, uwaimbire mayi ake a Lenia. Lachisanu tipitira limodzi kubomako. Ukonde uja ndikauchitira umboni ndine."