Nkhope Kumpoto

Izi si nthano ayi. Anandiuza ndi a Habiba eniake, kwawo ku Nsamala, chaka chomwe ndinabwerako ku Halale n'kupeza dziko ndinalisiya lija litagulitsidwa ndi madoko ake omwe. Mabuku a boma amati hotela ya juga ya pa nyanja ya Malombe inatsekedwa chifukwa cha malungo ndi chiswe. Mabuku a bomawo ndawerenga ambiri. Bodza lawo limakhala laukhondo.

Hotelayo anamanga ndi mzungu wina nkhondo yachiwiri itangotha. Anthu ankamutcha Bwana Fulumira, poti ndi mawu okhawo a Chinyanja omwe anaphunzira zaka zonse zomwe anadya nsomba zathu. Malowo anawakondera mphepo ndi mthunzi wa mikuyu. Sanafunse chifukwa chomwe asodzi sankayanikirapo makoka. Panali pamanda a Asilamu.

Ntchito yosamutsa akufa inagwera kapitawo wake, Blasius wa ku Utale, Mkatolika wodziwa kuvomera bwana asanatsirize kulankhula. Blasiusyu ndiye anali mwamuna wa Habiba, ndipo pamandapo panagona apongozi ake.

"Inu bambo a Sabina," anatero Habiba m'mawa wa tsikulo, "atati anga mukawagoneke cham'mbali, pa dzanja lamanja, nkhope kumpoto komwe timayang'ana poswali. Mwamva?"

"Fupa lili ndi nkhope?" Blasius anaseka akumanga lamba. "Bwana akufuna simenti ithiridwe Khirisimasi isanafike."

"Iyayi, musaseke. Mukawalozetsa kwina sagona."

Okumba Blasius anawatenga kwawo ku Utale. Anthuwo anagwira ntchito mwaulemu ndithu: anayala mafupa chagada monga aikira maliro kwawo, mpaka kuwaimbira nyimbo ya Chilatini. Blasius anaona, koma dzuwa linali litapendeka, ndiye anangoti kwirirani. Habiba atafunsa, iye anati, "Kumpoto, mayi, kumpoto."

Hotela inatsegulidwa. Kunabwera atsamunda a tiyi a ku Thyolo ndi akuluakulu a ku Zomba, kudzatuluka thukuta mozungulira tebulo lobiriwira lokhala ndi gudumu, n'kumakuwira kampira ngati kali ndi makutu. Blasius anakwezedwa. Bwana anamuveka mkanjo woyera ndi chisoti chofiira cha Chisilamu, poti ankati zimakongola pa chithunzi.

Zodabwitsa zinayamba ndi kampira kaja. Gudumu lizungulire chotani, iko kankaima mbali ya kumpoto. Azungu anaseka. Kenaka anatukwanizana za kuberana.

Kenaka mabedi. M'bandakucha, nthawi ya swala yoyamba, mvuu zinkasiya kulira. Achule zii. M'zipinda munkalowa fungo la lubani ndi dothi lonyowa. Mlendo aliyense ankadzidzimuka ali cham'mbali, pa dzanja lamanja, bedi litatembenuka, mphuno ili pa khoma la kumpoto. Kutembenuka osatheka mpaka dzuwa lituluke. Bwana Fulumira analamula kuti mabedi akhomeredwe pansi. Kutacha misomali inapezeka pakhonde, itayalidwa bwinobwino.

Habiba atamva, sanakweze mawu.

"Munandinamiza."

"Ndikonza mawa."

"Lero. Itanani shehe, muwakumbe, muwatembenuze."

"Ndiye ndikauze bwana kuti mafupa akudandaula? Andivule chisoti?"

"Kuli bwino akuvuleni chisoticho."

Mawa lake kunabwera magalimoto a ku Zomba. Mawa linalo kunali dansi. Blasius anasankha chisoti.

Tsiku lina m'bandakucha Habiba anagwira pamphasa pomwe pankagona mwamuna wake. Pozizira. Anathamangira ku hotela, napeza mlonda, Uladi, ataima pakhonde nyali ili m'manja, osayenda.

"Ali mkatimo?"

"Sindinawaone akulowa, mayi. Kiyi ndili nayo ine."

Mvuu zinali chete. Mkati munkamveka kanthu. Ke. Ke. Ke. Gudumu likuzungulira lokha.

Anatsegula. Lubani.

Blasius anali pa tebulo lobiriwira. Thupi losambitsidwa, tsitsi likadali lonyowa. Atakulungidwa mu nsalu yoyera ya patebulo lodyera, yomangidwa kumutu, m'chiuno ndi kumapazi ngati nsanda. Cham'mbali, pa dzanja lamanja. Nkhope kumpoto.

Kampira kanaima.

"Mfundozi," ananong'ona Uladi, "wamanga ndi wodziwa."

Azungu anathawa osadya n'kadzutsa yemwe, ndipo dokotala wa boma analemba kuti Blasius wafa ndi malungo. Ku Utale abale ake anamugoneka chagada m'bokosi. Potsegula kuti anthu aone nkhope, anamupeza cham'mbali. Anamuwongola. Kumanda anatsegulanso, n'kumupezanso cham'mbali. Anamuika momwemo.

Ndinawafunsa a Habiba ngati anawakwiyira bambo awo. Anandiyang'ana ngati ndaiwala chilankhulo ku Halale konkuja.

"Atati anga sanali munthu waukali," anatero. "Anangomuonetsa m'mene amagonekera munthu."

Ndamva kuti kwabwera mzungu wina, akuyeza malo omwewo ndi chingwe. Akufa aja, eni malowo, akadali chagada.