Dzina Lobisala M'kabokosi

Tsiku limene Yosefe analowa koyamba m'shopu yosindikiza makadi ku Kapata, anapeza Fainess akukonza pulogalamu ya maliro pakompyuta.

"Asisi, ndikufuna chikwangwani cha bizinesi yanga ya mtedza. Koma mawu ndi ambiri, akwana?"

"Akwana," anatero Fainess. "Mawu timawaika m'kabokosi. Akachuluka ena amabisala, ndiye pakona pamatuluka kamtanda kofiira aka. Mukakoka kabokosiko, onse amaonekera."

"Nanga mawu amene abisala mumtima mwangamu, muwakoka bwanji?"

Fainess anaseka mpaka kugwira m'mimba. Mtsikana wa nzeru zake, kutengeka ndi timawu totchipa chonchi! Koma musamuseke. Zaka zitatu anali atakhala yekha m'kachipinda ka lendi, akulembera anthu ena makadi a ukwati, iye wopanda ndi womufunsa ngati wadya.

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse Yosefe ankakoka mpando n'kukhala pambali pake kuti aphunzire. Kusankha zilembo anakudziwa msanga, koma kamtanda kofiira ankakaiwala nthawi zonse.

"Waduladula mawu, taona!" Fainess ankamukalipira.

"Nanga iwe ntchito yako n'chiyani, dalo? Ndiwe maso anga."

Ndiye mameseji ake! "Switi wanga, mvula ikangotha amalume akupita kwanu ku Mtenguleni. Pamene upondapo, inenso ndiponda pomwepo."

Mawu amenewo Fainess sanafune kuti athere m'foni. Anakonza khadi la ukwati wawo, la zilembo zagolide ndi maluwa m'mbali. Pakati analemba "Fainess ndi Yosefe", pansi n'kuika lonjezo lija. Yosefe asananyamuke kupita ku Chiparamba kukakonzekera zogula mtedza, anakopera khadilo pafulashi yake.

"Ndizikaliyang'ana ndikakusowa," anatero.

Mwambo wa Ncwala unadutsa. Mvula inatha. Mtedza unakumbidwa n'kuuma. Amalume aja sanaoneke, ndipo mameseji anayamba kufupika mpaka anangotsala mawu awiri: "Netiweki, dalo."

Nthawi ya nkhomaliro anzake akatuluka, Fainess ankatsegula khadi lija, n'kusuntha dzina la Yosefe pang'ono, n'kulibwezeranso. Anali wosungulumwa kwambiri. Kodi Yosefe wadwala? Kodi Chiparamba yasamukira kunja kwa dziko?

Lachitatu lina m'mawa munalowa mayi wotuluka thukuta, fulashi ili m'manja.

"Ndine Sesiliya, mng'ono wanga akukwatiwa mwezi wamawa. Alamu athu akonza okha khadi. Anatiuza kuti tipite kushopu ya m'tauni, osati kuno, koma kumeneko magetsi azima. Tithandizeni, mama."

Fainess anatsegula. Zilembo zagolide. Maluwa m'mbali. Pansi, "Pamene upondapo, inenso ndiponda pomwepo." Pakati panalembedwa "Grace Charity Mwale ndi", basi. Pakona pa kabokosi panali kamtanda kofiira.

"Iii, dzina la mkwati lapita kuti?" anafunsa Sesiliya. "Fulashi yawonongeka?"

"Ayi, amayi. Dzina la mkwatibwi latalika, ndiye linalo labisala."

Fainess anaika dzanja pamausi. Mwina Yosefe anangobwereketsa khadilo kwa mnzake? Si amuna amabwerekana ngakhale jekete? Anagwira pakona, n'kukoka pang'onopang'ono.

Yosefe Tembo.

"Eya, ndi amenewo!" Sesiliya anaomba m'manja. "Alamu athu ndi anzeru, inu! Mawu apansiwa akuti anawaganiza okha atangomuona Grace. Mtsikanayo analira atawerenga."

Mtima wa Fainess unasweka, koma msozi sanagwetse. Anachepetsa zilembo, n'kuika mayina awiriwo pakati bwinobwino. Anakonzanso tsiku limene linapendekeka, chifukwa khadi lokhota silinatulukepo m'manja mwake.

"Tisindikize angati?"

"Handiredi fifite. Limodzi mutengepo, mudzabwere. Mwatithandiza zedi!"

Mayiyo atapita, Fainess anajambula khadilo ndi foni n'kutumiza kwa Yosefe. "Waiwalanso kamtanda kofiira. Ndakukonzera komaliza."

Netiweki ya ku Chiparamba inachira pomwepo! Foni inalira kanayi. Kenako meseji inafika: "Dalo, switi wanga, ndilole ndifotokoze. Pali zambiri zimene sukudziwa."

Fainess anaika foniyo chafufumimba patebulo. Anatsegula khadi lake lakale, n'kufufuta dzina la Yosefe chilembo chimodzichimodzi, kenako kamawu koti "ndi". Panatsala "Fainess" yekha m'kabokosi kakakulu. Analiyang'ana nthawi yaitali, ndipo apa ndi pamene analira.

Chitseko chinatseguka. "Odi, asisi! Mumakonza makadi a ukwati?"

Fainess anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Timakonza. Khalani pansi, mundiuze mayina."