Mayendedwe a Malume

Anyamata onse anali atagwira m'mimba ndi kuseka, kupatula mmodzi. Wailesi anamuona mmodziyo, koma anapitiriza. Anapinda dzanja lamanja pachifuwa ngati phiko la nkhuku yonyowa, anapotoza mlomo, n'kuyamba kukhwekhwereza mwendo pa simenti ya kuseri kwa kalasi.

"Mu-mu-mundipatseko madzi," anatero, mawu ali olemera ngati a munthu amene wadzaza miyala m'kamwa.

"Ayi ndithu, amenewo ndi malume ako enieni!" anakuwa wina akupukuta misozi. "Bwerezanso, aise!"

Dzina loti Wailesi anamupatsa chifukwa ankatsanzira mawu a aliyense: ahedi akamakalipa, kapena abusa akamanena kuti "pomaliza" kachitatu ulaliki usanathe. Lusoli analitengera kwa malume ake omwewo, amene kale anali ometa tsitsi. Iwo ankaseketsa makasitomala mpaka ankachita kuzimitsa makina kuopa kudula munthu khutu. Koma sitiroko, matenda opha ziwalo aja, itawagwira anatseka shopu, n'kudzakhala kwa mlongo wawo, mayi ake a Wailesi. Adokotala anawauza poyera kuti aziyenda tsiku lililonse, apo ayi mwendowo uuma, osadzawongokanso. Choncho madzulo aliwonse ankatuluka ndi ndodo kukafika pamene panali shopu yawo. Tsopano pamenepo pankagulitsidwa makava a mafoni, ndipo palibe ankaimapo kuti acheze. Iwo ankaimapo pang'ono, kuyang'ana, n'kubwerera.

Amene sanaseke uja anali Nsungwi, mnyamata wamtali wowonda, mnzake wa Wailesi kuyambira ali aang'ono. Anadikira mpaka ataweruka, ali awiriwiri panjira.

"Aise, zimene unachita zija si zabwino."

"Ziti?"

"Ukudziwa."

"Aa, nthabwala chabe zija. Komanso ndi malume anga, si ako."

"N'chifukwa chake zikupweteka. Ahedi ukawatsanzira, mawa adzukabe ali ahedi. Malume ako atsala ndi chiyani? Ndodo ndi kamsewu kaja basi." Mawu a Nsungwi ankanjenjemera, koma sanasiye. "Ndinaganiza zongokhala chete. Koma kutchalitchi anatiphunzitsa kuti mbale wako akalakwa uzimutengera pambali n'kumuuza. Ndikanaseka nawo, bwenzi ndikukunamiza."

Wailesi anaseka monyoza. "Ndiye wasanduka m'busa liti? Kolala yako ili kuti?"

"Unditukwane, palibe vuto. Koma usiye."

M'mawa mwake Wailesi anabwera ndi sewero latsopano. Anatalikitsa khosi, anapinda manja ngati wopemphera, n'kuyankhula ndi mawu onjenjemera a Nsungwi: "Aise, zimene unachita zija si zabwino." Kalasi yonse inagwa nako kuseka. Kuyambira tsiku limenelo Nsungwi ankatchedwa Abusa. Akamadutsa, anyamata ankavula zipewa zimene sanavale. Pa buleki ankakhala yekha pansi pa thanki ya madzi. Chomwe chinkamukwiyitsa kwambiri Wailesi n'choti m'mawa uliwonse Nsungwi ankamupatsabe moni ngati palibe chachitika.

Patapita masiku, Wailesi anapeza mayi ake kukhitchini akutsuka kapu imodzi yomweyo mosalekeza.

"Malume ako akukana kuyenda," anatero mayiwo. "Ndodo aibisa kuseri kwa kabati. Mwendo wayamba kuuma, nsapato siikulowanso. Ndikawafunsa akungoti kunja kuli fumbi. Fumbi layamba lero? Takagula sopo, mwina mutu wanga uzizirako."

Wailesi atangotuluka pageti anaima. Mumsewu munali tiana ta m'makomo oyandikana, titandandalika pamzere. Aliyense anali atapinda dzanja pachifuwa, mlomo uli chopotoka, akukhwekhwereza mwendo m'fumbi. Patsogolo panali mng'ono wake wa mnzake wina wa m'kalasi.

"Mu-mu-mundipatseko madzi!" tinaimba tonse pamodzi, n'kugwa pansi ndi phwete.

"Chokani apa!" anakalipa Wailesi.

Wa patsogolo uja anayankha, "Aa, achimwene, si inu munayambitsa? Tationetsani, akuti inu ndiye mumatha kwambiri!"

Anacheuka. Katani ya pawindo la chipinda cha malume inali itatsegulidwa pang'ono, ndipo inatsekeka pang'onopang'ono.

Za sopo anaiwala. Analowa m'chipindamo. Malume anali pabedi, dzanja lodwalalo lili pamwendo. Pashelefu panali makina awo ometera, atakulungidwa bwinobwino m'kansalu, ngati kuti mawa apita kuntchito.

"Malume..."

"Khala pansi, mphwanga." Ankayankhula mwapang'onopang'ono, liwu lililonse akuchita kulikoka. "Mayendedwe, aliyense amawaona. Koma madzi aja ndinapemphera m'nyumba muno. Ndinapempha iwe."

Wailesi anayang'ana pansi. Pa simenti panali mzere wotuwa umene nsapato ya malume inakanda, kuchokera pabedi kukafika pakhomo.

"Tianato tikulakwitsa," anapitiriza malume, mbali imodzi ya mlomo ikuyesa kumwetulira. "Tikukoka mwendo wamanzere. Iweyo ndikhulupirira sunalakwitse. Ndinakuphunzitsa ndine."

Kukanakhala bwino akanamumenya ndi ndodo ija. Wailesi anatsegula pakamwa, koma mnyamata amene ankatha mawu a anthu onse anasowa akeake. Anangoti, "Pepani," ndipo liwulo linatuluka lophwanyika.

"Pagulu lonselo, panalibe ndi mmodzi yemwe wokuuza?"

"Analipo."

"Unamutani?"

Wailesi anayang'ananso mzere wa pa simenti uja. Malume anagwedeza mutu. "Pamene ndinkameta, kasitomala wondiuza kuti ndakhotetsa mzere ndinkadana naye tsiku lonse. Koma ndi yekhayo ankabweranso. Oyamikira aja, ena ankangopita kukametetsa kwina."

Wailesi anapeza Nsungwi kwawo akupopa tayala la njinga. Anaima chapatali, manja m'thumba, akukumba dothi ndi chala cha kuphazi.

"Aise," anayamba, "ndabwera kuti..."

"Gwira apa, valavu ikutuluka mpweya."

Anagwira. Ali chogwada choncho, osayang'anana, anafotokoza zonse: za tiana tija, za katani, za ndodo ya kuseri kwa kabati. Ankadikira kumva kuti "ndinakuuza". Nsungwi anangotseka valavu n'kupukuta manja pa kabudula.

"Ndiye ukufuna titani?"

"Sindingathe kuwatulutsa ndekha. Ndikuchita manyazi."

"Manyaziwo uwatenge, tipita nawo limodzi. Tiye."

Atafika, malume anakana kawiri. Kachitatu anayang'ana Nsungwi kuyambira kumapazi mpaka kumutu n'kunena kuti, "Ndiye ndi ameneyu? Tsitsi lakelo anamumeta ndani, mdani wake?" Kenako analoza kuseri kwa kabati.

Nsapato inalowa movutikira. Atatuluka pageti, tiana tija tinali tikadali pomwepo, ndipo kamodzi kanayamba kale kupinda dzanja. Wailesi anakayang'ana.

"Masewera amenewo ndinayambitsa ndine, ndipo ndinalakwa," anatero ndi mawu akeake, mokweza kuti ngakhale azimayi a pampopi amve. "Awa ndi malume anga. Apatseni moni."

Tinapereka moni tikuyang'ana pansi.

Mpaka kukafika pa shopu ya makava panali patali kuposa mmene Wailesi ankaganizira. Malume anamukolowekera dzanja lodwala lija m'khwapa, ndipo linali lolemera, lofunda. Nsungwi anali mbali inayo, akufupikitsa miyendo yake yaitaliyo. Kuti asawakoke, Wailesi anayenera kuponda pamene iwo aponda, kudikira mwendo wamanja ufike, n'kupondanso. Anayenda mayendedwe a malume ake msewu wonse, anthu akuona, ndipo palibe anaseka.